Esi Imodzi Yokha

Lolemba

Laputopu ya Mariamu, mwana wanga, yadwala. Ukaiyatsa m'mawa imadzuka tiyi atazizira kale, ndipo m'kati mukulira ngati mwalowa nkhululu. Lolemba likubwerali ayenera kutumiza ntchito yake ya kukoleji ya unamwino. Akalephera, abwereza chaka.

A Jafali, okonza makompyuta paboma, akuti chosungira zinthu m'katimo chatha. Tigule chatsopano. Alemba pakapepala: SSD, 256. Ndalama za Mariamu n'zokwana kugula kamodzi kokha, osaphonya.

Ndati ndikagula ndine. Mkamwini wanga, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linamutumiza kuno kudzatha nsomba zathu, akuti, "Abambo, izi n'zovutirapo, zimafuna munthu wa sukulu."

Wa sukulu! Ine sukulu sindinapondeko, koma mayina a mabwato onse a ku Lungwena analemba ndani? Zilembo ndinaziphunzira bulashi ili m'manja, ndipo zandidyetsa mpaka imvi. Ndalanda kapepala ndi ndalama zomwe.

Lachiwiri

Paboma. Matola, fumbi, mbuzi ya eni itandigonera pamapazi njira yonse.

Musitolo andionetsa zitatu: 128, 256, 512. Ndaziyeza m'manja chimodzichimodzi.

Kukula: chimodzimodzi.
Kulemera: ngati bokosi la machesi lopanda machesi, zonse zitatu.
Mtengo: usipa, utaka, chambo.

Ndawauza atsegule cha 512 ndione pamene chakulira. Akana. Cha 256 chikumeza ndalama zonse, zotsala sizikwana n'matola omwe. Ndayamba kunenerera, mayi wa musitoloyo akuti, "Madala, pano si padoko."

Ndatuluka. Ukonde sugula tsiku lomwe wauona.

Lachitatu

Mkamwini: "Mwapeza, abambo?" Ndati ndikufufuza. Wamwetulira ngati akuchonga mayeso.

Lero ndi tsiku la msika kuno kwathu. Pathebulo la munthu wina wogulitsa matchaja ndaona kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. Kalembedwa 256. Pamwamba pake: SD. Ndatulutsa kapepala ka a Jafali, ndayerekeza. Nambala yomweyo. D yomweyo. Chosiyana ndi esi imodzi yokha, koma mtengo wake ukungonyambita ndalamazo pamwamba.

Apa ndiye ndamvetsa zonse. Pantchito yanga timalipiritsa pa chilembo. Zilembo zitatu zimadula kuposa ziwiri, aliyense akudziwa. A Hassani atadandaula za mtengo, bwato lawo ndinalilemba HASANI, esi imodzi. Linamira? Mpaka lero likukocheza lodzaza.

Ndafunsa ngati kamalowa mulaputopu. "Kamalowa bwana, kopanda vuto." Ndagula.

Ndagulanso nkhuku ya chikondwerero. Zotsalazo ndamanga pampango. Mawa wina aphunzira kuti nzeru sizigulidwa ndi yunifolomu.

Lachinayi

Ndawaitana onse pakhonde. Kakhadi ndaika pambale. Mariamu wakayang'ana nthawi yaitali.

"Ababa, ndi chimenechi?"

Mkamwini watsegula pakamwa. Ndamuyang'ana. Watseka.

M'mbali mwa laputopu muli kamng'alu. Ndalowetsa ndekha ndi zala zangazi. Kalowa kuti khethe, ngati anachita kukapimira. Ndayang'ananso mkamwini, kawiri.

Tayatsa. Nkhululu ikulirabe. Tadikira. Nkhuku yachinjidwa, yasosoledwa, yapsa, laputopu ikadali kuzunguza kadontho kake. Ndati ikuzolowera, ngakhale bwato latsopano limayamba lamwa madzi kuti matabwa agwirane.

Nkhuku tadya. Mariamu sanadye.

Lachisanu

Ndakaswali Ijumaa paboma, kuti anzanga a ku Lungwena asandifunse mafunso. Kuchoka kumzikiti, kwa a Jafali, laputopu ili m'thumba kukhwapa.

Aona kakhadi. Avula magalasi, apukuta m'maso. Akuti aka n'ka zithunzi ndi nyimbo, kamangokhala pakhomo. Chofunikacho chimakhala m'mimba mwa laputopu, amachita kumasula kunsi kuti achiike.

"Madala, esi mwasiyayo ndiye injini."

Ndati chabwino, koma 256 yanga ilipo, imeneyo sangandilande. Akayesa pakompyuta yawo. Akuti m'katimo mulibe 256, ndipo sikakuyandikira n'komwe.

"Nambalayi angopentapo."

Penti. Ine, kupusitsidwa ndi penti!

Potuluka andichenjeza kuti chakalecho chikhoza kufa ola lililonse, ndipo ntchito ya Mariamu ili momwemo. Pamatola laputopu ndaifungatira ngati wodwala. Kondakitala amafuna aiike pamwamba pa matumba a makala, tatsala pang'ono kumenyana.

Loweruka

Wa matchaja uja kulibe. Ena akuti ali ku Chowe, ena akuti Monkey Bay. Pamalo pake pakhala mayi wogulitsa tomato, akuti sanamuonepo chibadwire.

Ndamasula mpango. Kakhadi, nkhuku ndi matola zadyako. Zotsala zikungokwana kugula cha 128 basi.

Mariamu sakukalipa. Bola akanakalipa. Wangoti, "Ababa, Lolemba ndi mkuja."

Ndaima pakhomo pa mkamwini. Ndakhosomola kawiri. Ndati, "Aphunzitsi, mundiperekezeko paboma, maso akundivuta masiku ano." Sanaseke. Wangovala nsapato.

Musitolo muja mayi uja wandizindikira. "Mwabwerera, a padoko?" Sindinamve. Mkamwini wawerenga pabokosi, esi ziwiri zonse zilipo, ndiye wandipatsa kuti ndinyamule ine.

A Jafali amasula laputopu, aika chatsopanocho, ayamba kusamutsa katundu. Akuti 128 ndi kanyumba kakang'ono, si zonse zilowe. Amuimbira foni Mariamu kuti asankhe zotsala panja. Alankhulana motsitsa mawu, a Jafali akundiyang'ana cham'mbali.

Lamulungu

Laputopu ikudzuka munthu usanakhale pansi. Nkhululu yasamuka. Mariamu akutayipa chiyambire m'mawa, sakutembenuka, akuti mawa ntchito ipita.

Zalowa: ntchito yake yonse, mabuku ake, zithunzi za ukwati.
Zatsala panja: mafilimu anga onse a nkhonya, amene ndimaonera iye akapita kuchipatala.

Sanandifunse. Inenso sindinafunse.

Masana abwera aphunzitsi anzake a mkamwini kudzaona. Ine ndili kuseri kwa nyumba, ndikutsuka mabulashi oyera kale, makutu ali pakhonde. Ndikudikira nkhani ya kakhadi iyambe. Mayankho ndakonzeratu asanu, onse akuthwa, lina likukhudza mbatata za ku Dedza.

Ndikumva mkamwini akuti, "Anasankha ndi abambo. Anayamba afufuza sabata yonse, iwo sagula mwachisawawa."

Basi. Za kakhadi sanatchule.

Akanandiseka ndikanadziwa pomugwira. Nanga mayankho asanuwa ndiwaike kuti?

Ndatuluka. Onse aimirira, moni wa manja awiri. Mmodzi akuti laputopu yakenso ikuchedwa kudzuka, ndiye ndimulangize chogula, cha 256 kapena cha 512.

Ndati afunse mkamwini wanga. Ine lero dzino likuwawa.