Fankishoni imodzi yokha pakhomo

Lolemba

Mulungu ndi wabwino. Bwana alola kuti Lachisanu masana ndinyamuke wa kwathu ku Nsanje. Mwana wa achimwene akutuluka m'chikuta Loweruka, ndipo wokapereka dzina ndine, azakhali ake. Bwana angonena chimodzi: "Modyulo yanuyo muisiye yoti anzanu azigwiritsa ntchito osakuimbirani foni."

Zosavuta. Pa ofesi yathu ku Limbe kuno tikulemba pulogalamu yokonza maulendo a magalimoto a kampani ina yophika buledi. Timalemba m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Scheme chifukwa bwana anachikonda ali kusukulu ndipo mpaka lero sanachire. Gawo langa, modyulo imene akunena bwanayo, ndi losankha misewu. Pamwamba pa modyulo pamakhala mzere wa export. Fankishoni ndi kachidutswa ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi, ndipo imene waitchula pamenepo anzako akhoza kuiitana. Imene sunaitchule ndi ya kuchipinda, ukhoza kuisintha kapena kuifufuta osauza munthu.

Ine nditulutsa imodzi basi, konza-ulendo. Akaitana iyo, zina zonse zizichitika mkati, ndipo palibe adzandifune.

Lachiwiri

Chimvula. Ku Naperi minibasi zonse zikudutsa zodzadza. A Fernando, a desiki loyandikana ndi langa, andipeza pa siteji nditanyowa ngati nkhuku, anditenga pa galimoto yawo. Anthu a mtima wabwino akadalipo!

Tikuyandikira ku Limbe, akuti: "Achemwali, ka yeza-mtunda kaja simungakatulutseko? Ndingokagwiritsa pamalo amodzi."

Ungakane bwanji uku ukudonthezera madzi pa mpando wa mwini wake? Zotuluka tsopano ndi ziwiri.

Lachitatu

Tadala, mtsikana wolemba gawo la madalaivala, wapeza cholakwika mu konza-ulendo yanga. Wakonza mwakachetechete, bwana osamva. Pamwamba pa izo wandigawira zitumbuwa. Ndathokoza mpaka ndachita manyazi.

Kenako: "Sisi, pewa-msewu ija ndiyabho. Mundibwerekeko."

Yabho chiyani? Imeneyo ndinailemba mothamanga, maenje onse a ku Mbayani ndinangowaunjika momwemo. Ndi ya kuchipinda kwenikweni, yosayenera alendo. Koma chitumbuwa chili m'kamwa. Ndatulutsa. Kenako zapezeka kuti siyenda popanda mnzake misewu-yoipa. Ndatulutsanso.

Maina amene ndikuganizira mwana:
Chisomo, koma m'banjamu alipo kale awiri
Dalitso, dzina la mnyamata amene anandikhumudwitsa
Mayamiko

Lachinayi

Lero ndalumbira kuti sinditulutsanso kanthu. Ndikutsegula fayilo ya a Fernando, ndikupeza zizindikiro ziwiri @@ kutsogolo kwa dzina la fankishoni yanga ina imene sindinatulutse. Imeneyo ndi njira yolowera pazenera mwini nyumba atatseka chitseko. Ndawafunsa. Akuti, "Sindinafune kukuvutitsani, mwatithandiza kale kwambiri."

Ulemu wake! Munthu wamkulu, wa ana atatu, azilowera pazenera chifukwa cha ine? Ndawatsegulira.

Masana bwana atigulira tchipisi ndi nkhuku tonse. Ali kusamba m'manja: "Bwanji mungotulutsa zonse? Pano tili pachibale." Ndatulutsa zonse. Mzere wa export sukukwananso pa sikirini.

Lachisanu

M'chikwama muli chitenje cha alamu, sopo, tizovala ta mwana, shuga wa amayi. Chili pansi pa desiki, chikungodikira.

Ndisanapite ndati ndisese pewa-msewu, anthu asamaone uve wanga. Ndasintha dongosolo lake: poyamba inkalandira kochokera kenako kopita, tsopano iyamba kopita. Kwanga zonse zikuyenda bwino. Ndaiwaliratu kuti siilinso kuchipinda.

Gawo la Tadala lagwa. La a Fernando silinagwe, bola likanagwa, likutumiza buledi yense wa ku Mbayani ku Mandala. Ndabweza momwe zinalili, koma zavumbuluka zina. Aliyense wakhala akuitana fankishoni zanga m'njira yakeyake, ndipo wodziwa mmene zimalumikizirana ndine ndekha. Eni buledi akufuna pulogalamu yawo Lolemba.

Palibe wandidzudzula. Onse akuti, "Pitani achemwali, tiona chochita." Ndayang'ana nkhope zawo, palibe chimene aone. Ndakankhira chikwama mkati mwa desiki.

Loweruka

Tonse tili mu ofesi. Tadala wasiya ukwati wa mnzake. Bwana abwera ndi fulasiki ya tiyi, akutithirira okha.

Achimwene aimba pa vidiyo. A Fernando andigwirira foni, bwana avula chipewa. Amayi atuluka m'nyumba ndi kamwana m'manja, kofiira, kokwiya ndi dzuwa. Ndati, "Mayamiko." Kumeneko nthungululu, kuno Tadala akuomba m'manja ngati ndi wake.

Sindinamunyamule. Zandiwawa kwambiri, ndakalira pang'ono kubafa. Ndabwerako ndapeza andisungira sikono.

Buledi wa ku Mbayani tsopano akupita ku Mbayani.

Lamulungu

Ndachokera ku tchalitchi, ndatulutsa katundu m'chikwama. Fankishoni zija sindingazibwezenso kuchipinda, aliyense wamangapo kale zake. Ngakhale pewa-msewu ndi uve wake ikhala choncho mpaka kalekale.

Achimwene aimbanso. Akuti sabata yonse anthu ankabwera kudzapempha kuti angosuzumira mwana. Aneba, amayi a chigwirizano, ngakhale amayi busa anabwera ndi nkhuku. Amayi ankalandira mphatso pakhomo ndi manja awiri, kugwada, kuthokoza ndi mtima wonse, n'kutseka chitseko. Palibe anakwiya.

Ndiye kuti zimatheka. Kungoti magazi amenewo ine sanandifike.

Ndathokozabe. Anzanga ndi anthu abwino, mwana ali ndi dzina. Ndikamunyamula pa Khirisimasi, ngati angapezeke wina wodziwa mmene misewu-yoipa imagwirira ntchito.