Ndondocha ya m'Vidiyo ya Alamu Anga

Nkhani iyi ndimaibisa ngati chilonda cha pamalo osaonetsa. Koma poti ku Benga kuno ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola ndiikambe ndekha, chifukwa akamaikamba ena amawonjezerapo zoti ndinalira. Sindinalire ine. Zinazo n'zoona.

Ine ndine Nkhoma, mkulu wa adzukulu kuno. Maliro akagwa, woyamba kugwira khasu kumanda ndine, womaliza kuchoka ndine. Sukulu sindinapondeko, koma mutu wangawu sutaya kanthu. Nkhope ya munthu amene ndinamukwirira sindiiwala, ngakhale papite zaka.

Zinachitika matipate itangolowa kumene, nthawi imene anthu atatu akangokhala pansi pa mtengo basi ndi komiti. Mlamu wanga Jafali, mlongo wake wa mkazi wanga, atatopa ndi kudula nzimbe ku Dwangwa anabwera ndi tivi, deki ndi kajenereta kotsokomola ngati kali ndi chifuwa chachikulu. Anamanga chisakasa cha bango kuseri kwa msika, denga la pepala lakuda, n'kutsegula vidiyo sho. Za karate zinkayenda bwino. Mavuto anabwera ndi kaseti imodzi imene anagula kwa dalaivala wa lole: filimu ya zidole zogwidwa ndi mizimu.

Ana anasiya kugona. Tiatsikana tinataya zidole zawo zadothi m'chimbudzi. Amayi anapsa mtima n'kukadandaula ku komiti ya msika kuti chisakasacho chitsekedwe.

Atcheya a komiti anali a Mwale ogulitsa mpunga. Iwo anati, "Kale tikanangotseka osafunsa. Koma lero ndi demokalase, munthu sitimuweruza tisanamve. Titume munthu wolimba mtima akaonere, atipatse lipoti. Ine ndikuti a Nkhoma."

Wina anakweza mkono. "Atcheya, si alamu ake amenewo?"

"Ndiye pitani inuyo."

Mkono uja unatsika pang'onopang'ono n'kuyamba kukanda m'mutu.

Jafali anandikokera pambali, maso ali mwazi. "Alamu, akanditsekera ndiye kuti ndibwerera ku nzimbe, ndipo msana wangawu mukuudziwa. Mukanene zoona basi, kuti ndi zidole chabe."

"Usade nkhawa," ndinatero ndikudziguguda pachifuwa. "Ine ndagwirapo mitembo yoti ntchentche zimachita kupempha chilolezo. Ndiope chidole?"

M'mawa mwake anandilowetsa ndekha m'chisakasa muja, anaika kaseti, iye n'kutuluka kukasamalira jenereta, poti ikasiyidwa yokha inkazima. Kulakwa kunayambira pamenepo. Munalibe wondifotokozera, ndipo Chingelezi chimene ndinkamva mu filimu yonseyo chinali "no" ndi "helepu".

Poyamba ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Banja la azungu lasamukira m'nyumba yakale, lapeza bokosi la zidole kudenga. Chidole chachikulu, cha diso limodzi ndi diresi lamaluwa, chikuyenda chokha. Kuyenda kwake! Ulusi ukuoneka bwinobwino, wonenepa ngati wosokera matumba a mpunga. Pena mpaka dzanja la munthu wochikankha linatulukira m'munsi, litavala wotchi. Magazi ake ngati phwetekere wosinja. Ndinati, ana a masiku ano mantha awo ndi otchipa.

Kenako chidole chija chinapha bambo wothirira maluwa ndi sizasi. Ndinamuyang'anitsitsa bamboyo, monga mwa chizolowezi changa. Khutu lamanzere long'ambika kumtunda, mpata pamano, ndipo poyenda ankakoka mwendo wamanja. Anamuika m'manda ine ndikuona. Mandawo anandikwiyitsa: olekeza m'mawondo, dothi kungomwaza ngati akukwirira mbatata. Ndinachita kuimirira.

"Amenewa manda kapena dzenje la nthochi? Adzukulu anu ndani?"

Ndisanakhale pansi, pakhomo la azungu paja panafika wapolisi. Chipewa, ndevu zambiri, tochi m'manja. Akuyenda chonchi, ndinaona mwendo wamanja ukukokedwa. Atatembenuka, khutu lamanzere long'ambika. Atayasamula, mpata pamano.



Ndi yemwe uja! Wothirira maluwa! Tamuika m'manda posachedwapa, ndiye uyu wabwera ndi yunifolomu! Ndipo azungu a m'nyumbamo akumupatsa moni, mayi mpaka kumuthirira tiyi, osazindikira chilichonse.

Zidole zinamugwetsa pamasitepe, anafanso. Ndinapuma. Ndinati mwina tsopano agona. Posakhalitsa kunabwera m'busa wa magalasi kudzapempherera nyumba. Ndevu palibe, mutu wapala. Koma khutu! Khutu silinama, abale anga.

Apa ndinamvetsa zonse. Kwathu kuno munthu wofa n'kuikidwa, kenako n'kumaonekanso akugwira ntchito kwa anthu ena, tili nalo dzina lake. Ndi ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azilemeretsa mwini mankhwala. Ine ndinkangomva kuti zimalima usiku m'minda ya anthu okhwima. Lero ndaiona ndi maso, ikugwira ntchito zitatu, yamaluwa, yaupolisi ndi yaubusa, yosadandaula n'komwe.

Filimu itatha ndinatuluka panja. Jafali anandithamangira, manja ali mafuta okhaokha.

"Alamu, mwaiona bwanji?"

"Tikumana ku komiti," ndinatero osamuyang'ana.

Masana anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango wa pamsika. Jafali anatsala kuchisakasa, akuti asaoneke ngati akundiuzira zonena. Mumtima mwanga ndinali nditakonza bwino: zidole ndiziyeretsa, mlamu wanga ndimupulumutsa, mlandu ndiupereka kwa azungu opanga filimu.

"Atcheya ndi anthu nonse," ndinayamba. "Za zidole zija, iwalani. Ndi bodza lamkunkhuniza. Ulusi ukuoneka, dzanja likuoneka, wotchi ikuoneka. Mwana woopa zimenezija akufunika mankhwala a njoka zam'mimba."

Anthu anaseka. A Mwale anagwedeza mutu mokhutira. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanakhala pansi pomwepo.

"Koma," ndinatero, "muli chinthu china m'menemuja chimene nonsenu simunachione."

Onse anatchera khutu, ine n'kupitiriza.

"Muli ndondocha."

"Ati chiyani?"

"Ndondocha! Munthu wafa ine ndikuona, aikidwa ine ndikuona, kenako uyo wadzuka ndi wapolisi. Wafanso, uyo ndi m'busa. Khutu lomwelo, mwendo womwewo. Ine nkhope ya maliro sindiisokoneza, mukundidziwa."

Amandidziwadi, ndipo vuto linali lomwelo. Akananena wina akanamuseka. Koma wanena ndi mkulu wa adzukulu.

Mayi Nabanda ogulitsa zitumbuwa anadzuka n'kumanga chitenje m'chiuno. "Ndimanena ine! Munthu wodula nzimbe angagule jenereta? Ine amuna anga anadula nzimbe mpaka kutha zala, anabwera ndi wailesi yopanda chitseko cha mabatire!"

"Ayi mayi, ine ndikunena azungu a m'filimumo..."

"Nanga filimuyo ili m'nyumba mwa ndani?"

"Amaisunga pati ndondochayo?" wina anafunsa kumbuyo.

"M'deki muja, bokosi lakuda lija! N'chifukwa chake amalifunditsa nsalu!"

"N'chifukwa chake jenereta ija imalira ngati munthu!"

Bambo wina wa ku Nkhunga, amene anangobwera kudzagula usipa, anakuwa kuti msuweni wake anamwalira mosadziwika bwino chaka chatha ndipo nayenso ankatsimphina. Ndinayesa kunena kuti wa m'filimuyo ndi mzungu. Iye anati mankhwala amayeretsa khungu.

A Mwale anamenya tebulo. "Oda! Oda! Demokalase!" Koma demokalase inali itanyamuka kale, ikuthamangira kuchisakasa, wina atanyamula botolo la palafini. Ine pambuyo, ndikukuwa kuti "Si zimene ndimatanthauza!" ngati munthu wothamangitsa basi yomusiya.

Jafali atationa anafuna kugwa. Atamva mlandu wake anandiyang'ana. Diso limene lija sindidzaliiwala.

"Alamu, ndinakutumani kukazima moto, inu mwabwera ndi palafini?"

Kenako anakweza manja. "Chabwino! Musanawotche, lowani muone nokha. Atcheya, khalani kutsogolo. Alamu, inu apa, mutilozere ndondocha yanuyo."

Tinadzazana m'chisakasa muja ngati matemba m'dengu. Jenereta inatsokomola, tivi inayaka. Koma kaseti ija inali kumapeto, mmene ndinaisiyira. Ndiye Jafali, pofuna kufika msanga pamene panali malirowo, anadina batani lobwezera m'mbuyo chithunzi chili poonekera. Ine chinthu chimenecho ndinali ndisanachionepo chibadwire.

Mayo ine!

M'busa uja, amene naye zidole zinamupha kumapeto, anadzuka pansi ngati wakokedwa ndi chingwe, n'kutuluka pakhomo chafutambuyo. Wapolisi anauluka kuchokera pansi kukwera masitepe ndi msana. Tiyi anatuluka m'kapu kubwerera m'ketulo. Kenako tinafika kumanda kuja. Dothi, abale, dothi linayamba kudumpha lokha kuchoka m'dzenje kubwerera pafosholo! Manda akudzifukula okha! Bokosi linakwera m'mwamba, anthu analinyamula n'kumathamanga nalo chambuyo kubwerera kunyumba, magazi anabwerera m'khosi, ndipo wothirira maluwa uja anaimirira n'kuyamba kuyamwa madzi m'maluwa ndi kheni yake yothirira.

Zaka zonse zimene ndagwira khasu, ntchito yanga inali imodzi: chimene ndakwirira chikhale chokwiririka. Ndiye mlamu wanga, ndi chala chimodzi, akufukula maliro masana dzuwa likuswa mtengo!

Khomo sindinalione. Ndinaboola khoma la bango ndi mutu, ndinatuluka nalo lina lili m'khosi ngati goli, n'kukagwera m'beseni la chinangwa chovikidwa chimene mayi wina anaika kuseri. Amene amadziwa fungo la chinangwa cha kondowole chikavunda andimvetsa. Anthu ena ananditsatira pabowo lomwelo, akupondana. Wa palafini uja anayamba kufunafuna machesi.

Pamenepo m'pamene ndinamva mawu a mkazi wanga, mayi a Zione. Anali atangofika kuchokera kudambo, matope a mpunga ali m'miyendo, wina atawatsina khutu kuti mlongo wawo akuwotchedwa.

"Taimani kaye! Bambo a Zione, tadzukani m'chinangwa cha eni akemo mundiyankhe."

Ndinadzuka, madzi oyera akuchucha m'ndevu.

"Chaka chija a zaumoyo anabwera ndi sewero la kolera pabwalo la sukulu, amene anatsekula m'mimba n'kufa anali ndani?"

"Ndinali ine."

"Tinakulirani?"

"Munalira. Inuyo munaposa onse."

"Atakunyamulani kupita nanu kuseri kwa chitenje, amene anatulukira atavala gauni loyera ngati dokotala, n'kumatiuza kuti tiziwiritsa madzi, anali ndani?"

Ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe thandizo.

"Anthu anali ochepa," ndinayankha motsitsa mawu. "Amene amayenera kukhala dokotala anapita kunyanja."

"Nanga mfumu yomwe inabwera kumapeto ija, yovala thumba kumutu?"

"Inenso."

"Ndiye azunguwo sangachepe? Kapena mukufuna tinene kuti ine ndimagona ndi ndondocha?"

Woyamba kuphulika anali a Mwale. Anaseka mpaka kugwira bango kuti asagwe, bangolo n'kugwa nawo limodzi. Mayi Nabanda anakhala pansi n'kumamenya dothi ndi manja. Wa palafini anabisa botolo kumbuyo n'kunena kuti amapita nalo kunyumba. Bambo wa ku Nkhunga yekha ndiye anachoka akung'ung'udza kuti nkhani ya msuweni wake sinathe.

Komiti inagamula pomwepo, ine ndikudontha: vidiyo isatsekedwe, filimu ya zidole azionera akuluakulu okha, ndipo a Nkhoma amange khoma limene aboola. Jafali sanabwerere ku nzimbe. Anthu ankachokera mpaka ku Dwangwa kudzaona khutu lija, ndipo ambiri ankapempha kuti awaonetse chobwerera m'mbuyo. Ine anandiuza kuti ndizilowa ulere moyo wanga wonse. Sindinapondemonso.

Koma chilango chenicheni ndimachilandira kumanda mpaka lero. Tikamaliza kukwirira, aliyense ali khuma, pamapezeka mdzukulu mmodzi wopanda ulemu wondinong'oneza kuti, "Akulu, tapondapondani bwino pamenepo, angabwere mawa ali a polisi."

Ukatumidwa kukaona zidole, uziona zidolezo basi, makutu a eni ake uwasiye.