Manja a Wometa ndi Mitengo Itatu ya Adokotala a Khungu

Kwa Bwana Mwini Chipatala cha Khungu Losalala,

Wolemekezeka Adokotala,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ndine wometa wanu, uja wa kuseri kwa siteji ya mabasi, amene ndakhala ndikugwira mutu wanu kawiri pamwezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Pepani zilembo zapindika, zala zanga sizinapoletu.

Mukukumbuka kuti manja anga anatuluka zidzolo n'kuyamba kusendeka. Makasitomala anayamba kunong'onezana kuti ndili ndi mphere. Azimayi analeka kubweretsa ana, ndipo ngakhale mlamu wanga, amene ndimamumeta ulere, anasamukira kwa wometa wa tsidya la msewu. Mlamu akathawa zaulere, bwana, dziwani kuti zinthu zafika posauzana. Inu munawaona manjawo pagalasi ndikukumetani, n'kundiuza mwachifundo kuti zotere simuyankha muli pampando wa wina, ndibwere kuchipatala. Ndinabwera, ndipo lero ndati ndithokoze, pakuti mayi anga sanalere mwana wosayamika.

Choyamba, zikomo potipatsa ufulu wosankha. Mayi wolandira alendo anandifotokozera mitengo yanu itatu. Pa Mkuwa, umajambula khungu pafoni, adokotala adzaliona akapeza mpata. Pa Siliva, umalowa, adokotala n'kukuyang'ana ali tsidya la tebulo. Pa Golide, akuti amakukhudza ndithu. Ine ndinasankha Mkuwa monga mwa msinkhu wanga. Patapita masiku asanu ndi atatu yankho linafika, loti chithunzi sichikuoneka bwino, ndikwere ku Siliva. Ndinagoma nayo nzeruyi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha Silivayo. Kuti ndiikwanitse ndinagulitsa galasi lalikulu la mu shopu, lija mumadziyang'anirapo uku mukupendeketsa mutu. Sindidandaula. Ndinakhala pa sofa yofewa maola atatu, ndikuonera nsomba zanu za m'bokosi la galasi, zokhazo zomwe zinali ndi khungu losalala m'chipinda monsemo. Nditalowa simunandizindikire, koma si mlandu wanu, munazolowera kundiona ndili kumbuyo kwanu. Munandiyang'ana mphindi ziwiri, munatchula dzina la matenda lotalika kuposa nthawi imene ndinakhala pamaso panu, n'kundilembera mankhwala opaka opezeka pazenera lanu logulitsira mankhwala lokha. Kachubuko kanali ngati chala chaching'ono, ndipo kanatha tsiku lachinayi. Mwina anakapangira anthu a dzanja limodzi.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndikuwomba m'manja ngakhale manjawo akupweteka, zikomo chifukwa cha amayi okolopa pachipatala panu. Nditabweranso kudzafunsa mtengo wa Golide, anandipeza pakhonde nditagwira mutu. M'nyumba yonseyo ndi iwo okha amene anandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Nditawauza, anatenga dzanja langa n'kulitembenuza, osaopa, osalipiritsa.

"Bambo, ameneyu ndi dayi wodetsera tsitsi," anatero. "Anga anachitanso choncho ndi sopo wa pano. Muzivala magolovesi, muzipaka mafuta wamba, muone."

Ndinachita zomwezo, ndipo manja akupola. Kenako ndinakhala pansi n'kuganiza kuti kodi dayi ndimathira ndani. Bwana, m'shopu mwanga ndi inu nokha. Ndi dayi uja ndimakutikitani m'mutu ndi manja angawa, chitseko titatseka, kuti odwala anu asaone imvi. Chinsinsi chimenechi ndachisunga zaka zonsezi, ndipo taonani ndikuchisungabe, dzina lanu sindinalitchule. Amayiwo musawachotse ntchito chonde. Ngati n'kotheka akwezeni, pakuti Golide amamupereka kale.

Koma manja kupola si kuti anthu abwerera. Mpando wanga umakhala wopanda munthu mpaka masana, ndipo zikundiwawa mumtima kuona ana amene ndinawameta tsitsi loyamba akudutsa pakhomo panga atagwidwa dzanja kuti asalowe. Mkazi wanga akuti mwezi ukatha zili chonchi titseke shopu.

Ndiye pempho langa n'laling'ono. Bwerani Loweruka likudzali. Mpando ndiutulutsa pakhonde, kuti msewu wonse uone dokotala wa khungu akugwiridwa ndi manja a mphere aja. Musadandaule za mitengo, ndaphunzira kwa inu. Pa Mkuwa, mutumize chithunzi cha mutu wanu. Pa Siliva, ndiuyang'ana ndili patali. Koma inu ndi munthu wamkulu, ndikupatsani Golide pamtengo wakale, ndipo ndikukhudzani.

Dayi yekha ndiye ndasiya, pa malangizo a katswiri wa pachipatala panu. Galasi mulibe, linapita ku Siliva, choncho mmene ndakumeterani ndi mmene imvi zakukhalirani mukamva kwa odwala anu Lolemba.

Ndine wanu wodzichepetsa, wogwira lumo pafupi ndi khutu lanu,

Wometa wa kuseri kwa siteji