Nthomba, Asiyatu ndi nkhafi yanga

Lolemba

Amayi a pamudzi pano andiwonongera mdzukulu ndi pakamwa pawo! Poyanika usipa, nkhani ndi nthomba. Kotunga madzi, nthomba. Patuma, mwana wa a Bwanali, amuika mumsasa kuseri kwa mitengo ya mango uko, thupi lonse matuza. Ndiye mpaka azifotokoza zimenezo mwana akumva? Tsopano Asiyatu wanga sakudya. Patumayo ndi mnzake wosewera naye. Mdzukulu wangayu akungokhala pakhonde, kudzisanthula mikono.

Bambo ake ali ku Halale, ndiye mwamuna pakhomo pano ndine. Kusukulu ya amishoni sindinapondeko, zilembozi ndinatola kwa kalaliki nthawi imene tinkasenza zitsulo za njanji, koma mantha a mwana ndimawadziwa. Mwera ukakupeza pakati pa nyanja, wopalasa wamng'ono sumuuza kuti tikumira. Umangoti palasa, nkuyambitsa nyimbo. Malamulo anga ndi awa:

dzina la matendawa lisamveke pakhomo pano;
mwana asakhale wopanda ntchito;
akafunsa kanthu, woyankha ndine.

Mariamu, mwana wanga, amene ndi mayi wake wa Asiyatu, akuti, "Bambo, mwana si bwato." Wazidziwa liti iyeyu?

Lachiwiri

Asiyatu wafunsa za mnzake. Ndamuuza kuti Patuma wapita kwa azakhali ake ku Chipoka kukadya mpunga. Ndayankha bwino kwambiri, nkhope osasintha.

"Nanga amake akupita ndi phala kumango kuja bwanji, anganga?"

Ndati ndi la mbuzi. Kuli mbuzi yodwala. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Nyimbo ndayambitsa, yokokera khoka ija, ndaimba ndekha mpaka kumapeto. Chakudya sanakhudze.

Lachitatu

Ntchito! Ndamupatsa thandala lonse la usipa kuti azitembenuza. Ndikubwerako, ndapeza akunyamula kansomba kamodzikamodzi, kukayang'ana pamimba ngati kali ndi matuza. Mbuzi zathunso wazifufuza zonse. Tonde wamugunda.

Masana kwabwera mesenjala wa kuboma, chipewa chofiira, kukuwa dzina lomwe ndinaletsa lija pakati pa mudzi. Akuti Loweruka kubwera wotemera, aliyense akapereke mkono pansi pa mlambe. Amakanda ndi kachitsulo, nkuikamo mankhwala. Amene anapita kunkhondo akuti mkono umatupa ngati dzungu.

Ine sindikuopa. Kungoti mkono wanga ndi wopalasira.

Lachinayi

Subuhana! Mtima sunakhazikikebe. Mariamu wamugwira Asiyatu pafupi penipeni ndi msasa, masamba a chinangwa ali m'manja, akuti akukadyetsa mbuzi yodwala ija. Pang'ono akanalowa!

"Bambo, bodza lanu likanandiphera mwana." Kundiuza ine, anthu akumva.

Kenako wamukhazika pamphasa, wathyola malamulo anga onse ine ndili pomwepo. Wamuuza kuti Patuma akudwala nthomba. Kuti ena amachira, ena ayi, ndipo Patuma akumwa phala lake. Kuti amake akumusamalira chifukwa iwo anadwalapo ali mwana, ndi zipsera zili kumaso zija, siingawagwirenso. Kuti ife sitiyandikira, koma kukuwa moni uli patali palibe choletsa.

Mwana walira. Ndati mwaonatu! Atatha kulira apita onse awiri pachulu, wakuwa, "Patumaaa!" Kumango kwamveka kamawu. Pobwera wadya, mpaka kupempha zina.

Wadya chifukwa usipa wa lero ndinawotcha ndine. Palibenso china.

Lachisanu

Ndadzuka ndi kachotupa pakhosi. Kamodzi. Kofiira. Kakuyabwa.

Kumzikiti sindinamve chilichonse chimene ashehe anena. Wa kumanja kwanga akukanda mwendo, wa kumanzere akutsokomola, ine pakati. Mariamu wayang'ana khosi langa, akuti ndi nsikidzi, ndiyanike mphasa. Nsikidzi ndimaidziwa ine, siluma chonchi.

Zondisowetsa mtendere:
khosi;
kachitsulo kaja;
mwanayu, amene tsopano amafunsa amake m'malo mofunsa ine.

Madzulo wabwera kwa ine ndithu. "Anganga, kutemera kumapweteka?" Ndaseka kwambiri. Ndati linthumbu limaposa. Ndati mawa woyamba kupereka mkono ndine, iwe uzidzangoonera anganga ako. Wagwira chala changa, akuti tapangana.

Pakamwa panga, wakutuma ndani?

Loweruka

Matchera, maukonde anga otchera nsomba aja, sangagone m'madzi mpaka kalekale chifukwa cha munthu wa kuboma. Ndatenga nkhafi m'mamawa, ndakankha bwato. Si kuthawa. Ndi ntchito.

Matchera ndawaona. Ndawaonanso. Nsomba zake mphaka sangakhute. Mlambe ukuoneka bwino uli panyanja, anthu ali pamzere ngati nyerere. Ndakhala mpaka mzere watha, dzuwa kundiwotcha pamutu, madzi akumwa osatenga.

Ndafika, wotemera wapita. Mudzi wonse mikono yokandidwa, ngakhale nkhalamba zoyenda ndi ndodo. Mariamu watemeredwa. Asiyatu ayi.

Akuti anakana kusuntha, akudikira anganga. Ataona bwato palibe, anakakamira mzati wa khonde nkumakuwa, "Anganga athawa, ndiye kuti kutemera kumapha!" Amake anamukoka, wotemerayo anamunyengerera, zosatheka. Ana ena ataona zimenezo nawonso anayamba kulira.

Mwana yekhayo pamudzi wopanda katemera ndi wanga, msasa uli pomwepa. Mariamu sakundilankhula. Wangondiikira madzi osamba m'manja popanda chotsatira chake.

Lamulungu

Khosi laphwa. Inali nsikidzi. Sindiuza munthu.

Kumango aikako mwana wina, wa kumudzi wa kumtunda. Asiyatu mikono ikadali see, yopanda katemera.

Wandipeza ndikusoka ukonde wosang'ambika. Wakhala pafupi.

"Anganga, mumaopa?"

Ndati msodzi saopa. Wandiyang'ana ngati tsiku la mbuzi lija. Ndiye ndati pang'ono. Pang'ono pokha, ngati momwe munthu amaopera mwera.

"Inenso. Ndiye ine ndidzagwira dzanja lanu, inu langa. Mukalira sindidzauza a Bwanali."

Basi. Njira ya panyanja yakanika pamtunda, ndavomera, koma ndavomera m'kabuku muno mokha. Akuti wotemera mawa ali ku Maganga, akachoka kumeneko akwera sitima. Tinyamuka kusanatenthe, wapansi, ine, iye ndi amake. Ndipereka mkono wamanzere.

Koma ndikudzidziwa. Mawa kukacha nyanja idzakhala bata, ndipo matchera adzandiitana. Iwe Mariamu, usandilankhule ngati sukufuna, koma tenga nkhafi yanga lero lomwe, ukaibise kumene sindingaipeze!