Botolo Lodikira Makanda Makumi Awiri

Kwa Ba Bwana Woyang'anira Katemera wa Makanda mu Mzinda Uno,

Ndagwada, Bwana. Ine ndine Lemmy Kasuba, dalaivala chabe wa minibasi ya ku Chelstone, munthu wosayenera ngakhale kupukuta nsapato zanu. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo pa maphunziro. Ndinakumvani pa wailesi ndili pa mzere wa maminibasi ku City Market. Munakamba bwino zedi za katemera uja wa chifuwa chachikulu, wosiya chipsera pamkono. Munati m'katemerayo muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, ndipo kakalowa m'thupi la khanda kamadzutsa asilikali a m'thupi kuti akhale tcheru, moti akhoza kulimbananso ndi tizilombo tina tosakhudzana ndi chifuwacho, monga toyambitsa chibayo ndi matenda a m'magazi. Munatsindika kuti mwana alandire atangobadwa, poti masabata oyamba ndiwo oopsa. Ndinaliza hutala ndi chimwemwe, chifukwa mkazi wanga Deborah anali ndi pakati, mwezi wake utakwana.

Chachiwiri, zikomo posamala botolo. Salifyanji wathu atabadwa, ba nesi a pa kiliniki yathu anatiuza kuti botolo limodzi ndi la ana makumi awiri, ndipo likatsegulidwa, mankhwala otsala amatayidwa tsiku lomwelo. Tsikulo anabadwa atatu chabe. Ofesi yanu akuti imakalipa mankhwala akatayidwa, ndiye botolo linatsala mu furiji, ife tinabwerera kunyumba. Ba nesiwo sindiwaimba mlandu, anakamba maso ali pansi.

Tinapitanso Lachinayi, anati ana sanakwane. Lachinayi linalo Deborah anakhala pa benchi kuyambira m'mamawa, mabala asanapole, akuwerenga amayi olowa pageti ngati kondakita wanga. Sanakwanebe.

Chachitatu, zikomo potilemekeza ife a minibasi. Anthu amatitukwana tsiku ndi tsiku kuti sitinyamuka basi isanadzale. Sindinkadziwa kuti nzeru yathu ya pa siteshoni inafika mpaka ku maofesi a anthu a madigiri. Kusiyana kwake ndi kochepa chabe: ife opanda sukulufe, munthu akakomoka pampando timanyamuka, ngakhale m'basi muli anthu anayi. Ndamvanso kuti ku zipatala zolipira za ku Kabulonga botolo silichita manyazi, limatsegukira ngakhale mwana mmodzi. Kapena ndi mabodza a makondakita, mundikhululukire.

Chachinayi ndi nkhani yabwino. Manje Salifyanji ali m'chipatala ndi chibayo, kachubu kali m'mphuno, kachifuwa kakulowa m'kati akamapuma. Ine si dokotala, sindinganene kuti katemera akanamutchinga ndithu. Chimene ndikudziwa n'chakuti asilikali aja munkakamba anapezedwa ali m'tulo, wowadzutsa akuzizidwa mu furiji. Ndili ndi mantha, Bwana, ndiponso mkwiyo umene ulemu sukundilola kuulemba. Koma kondwerani: mu wadi muno makanda adzala, ena awiri pabedi limodzi. Nambala yanu yakwana! Kungoti akuti mwana wodwala chonchi sabayidwa katemera, tidikire achire.

Mapempho anga ndi awiri, ang'onoang'ono. Mlamu wanga Helen akuyembekezera mwezi wamawa. Chonde lengezani pa wailesi yomwe ija tsiku loyenera kubereka, kuti amayi a ku Chelstone, Kabwata ndi Libala azipangana kuyamba matenda limodzi, asamavutitse botolo la boma ndi kubereka mwachisawawa.

Lachiwiri ndi la Salifyanji. Akatuluka wamoyo, ndidzazungulira komboni yonse ndi minibasi, ndidzatola makanda ena khumi ndi asanu ndi anayi, ndidzawatsitsa pakhomo pa ofesi yanu, inu mudzangotsegula. Akapanda kutuluka, musavutike kubwera kumaliro, ndikudziwa muli ndi misonkhano. Mudzangolemba mu lipoti lanu la chaka kuti dontho lake silinatayike.

Ine wantchito wanu wodikira kudzala,

Lemmy Kasuba
Chelstone