Sayansi itandikweza padenga la Che Amadu

Dzina langa lili m'magazini ya sayansi, lolembedwa bwinobwino popanda kuphonya chilembo. Koma mukatsika pa Lirangwe n'kufunsa za ine, musayembekezere kumva zimenezo. Ayamba kaye aseka, kenako akulozerani denga.

Zinayambira kwathu ku Chileka. Ife tinakulira kunsi kwa ndege, moti ikamanyamuka timangoimitsa nkhani, ikapita n'kupitiriza pomwe tinalekezera. Nditangomaliza teremu yoyamba ya fizikisi ku yunivesite (teremu imodzi yokha, koma mapewa ndinali nditakweza kale), ndinabwera kutchuthi n'kutulukira kanthu. Ndege ikamadutsa, malata a nyumba yathu salira mofanana. Lata lokhomedwa bwino limangong'ung'udza, pomwe lomwe misomali yake yakhwepa limachita phokoso lakelake. Ndiye ndinati, bwanji munthu atamajambula mawuwo pafoni, n'kudziwiratu lata lomwe lidzasasuke ndi mphepo mvula isanayambe?

Aphunzitsi anga atamva anati nzeruyo ndi yatsopano ndithu. Anandithandiza kuilemba, tinaitumiza ku magazini ina yosindikiza kafukufuku wa ophunzira. Yankho linabwera lokoma koma lili ndi minga. Akonzi anati: tidziwa bwanji kuti ndi malata akulira osati ndegeyo? Kayeseni komwe kulibe ndege, apo ayi sitisindikiza. Umu munali mu Okutobala, mitambo itayamba kale kusonkhana, ndipo mvula ikangogwa padenga palibenso chomwe ungajambule.

Ndinakumbukira Che Amadu a pa Lirangwe, anzawo a bambo anga, omwe amatigula nandolo chaka chilichonse. Golosale yawo ili m'mphepete mwa msewu, malole akamadutsa mpaka mabotolo amagwedera. Bambo atawaimbira, iwo anati, "Abwere tsiku lililonse, pano ndi kwawo."

Ine n'kusankha Lachisanu masana. Ndinapeza golosale yotseka, eni ake ali kumzikiti. Munthu wanzeru akanakhala pakhonde n'kudikira. Ine ndinaona makwerero atatsamira pakhoma, kutali lole ikubwera, basi mutu unasiya kugwira ntchito.

Tsono pali lamulo lomwe ngakhale mwana wa sitandade wani amalidziwa. Mabafa ambiri kumudzi alibe denga, ndiye mwamuna usanakwere pamwamba pa nyumba kapena mumtengo, umayamba wafuula kuti, "Zikomo kubafako, tikukwera!" Ineyo, wa kuyunivesite, ndinakwera chinunu ngati mphaka. Ndinagwada pamalata, foni m'manja, n'kuyamba kujambula. Lole yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa, mawu akulowa bwino kwabasi. Kenako ndinaimirira kuti ndisunthire mbali ya kuseri.

"Mayo ine! Anthuni! Munthu padengaaa! Akujambula!"

Anali Abiti Saidi, akazi awo a Che Amadu, ali m'bafa kuseri kwa golosale. Ndikulumbira pamaso pa owerenga nonse, chomwe ndinaona ndi mpango woyanikidwa pampanda basi. Koma yesani kufotokoza zimenezo muli padenga, foni mutaikweza m'mwamba.

Amayi ogulitsa tomato anafika msangamsanga. Wina anachotsa makwerero. Ndinatsala pamwambapo, malata a mu Okutobala akundiotcha mpaka ndikusinthanitsa mapazi ngati ndikuvina beni. Ndipo nthawi yomweyo ndiye anthu amatuluka kumzikiti. Che Amadu anatulukira ndi anzawo, onse atavala mikanjo yoyera, n'kuima pansi panga.

"Mwanawe," anatero mosakweza mawu, "bambo ako anati ukubwera kudzaphunzira. Ndi maphunziro ake amenewa?"

Atanditsitsa, Abiti Saidi anatulukira atafunda chitenje, n'kundilanda foni. "Iyi ndikuiponya m'chimbudzi, pompano!"

M'foni imeneyo munali zonse, za ku Chileka ndi za tsikulo, ndipo sindinazisunge pena paliponse (inde, ndikudziwa, musandiuze). Ndinagwada pafumbi. "Mayi, chonde, mulibe chithunzi m'menemo. Ndi mawu okha. Tsegulani mumve, mukapeza china muitaye."

Che Amadu anaitenga, anayang'ana m'zithunzi osapezamo kanthu, kenako anatsegula mawuwo n'kukweza mpaka kumapeto. Gulu lonse linatchera khutu. Kunamveka lole, kunamveka malata. Ndiye kunamveka chinthu chomwe ndinali nditachiiwaliratu, mawu anga, ndikudzilankhulira ndekha padenga paja:

"Eee, mayi munabala mwana inu. Dziko lonse lindidziwa. Atsikana a m'kalasi aja adzachita kundifunafuna okha."

Anthu inu, kuseka kwake! Bambo wina anachita kukhala pansi, mkanjo woyera uli pafumbi. Ngakhale Abiti Saidi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndikanakonda akanangondimenya.

Phokoso litatsika, Che Amadu anafunsa kuti zonsezi n'zothandiza chiyani. Ndinawabwezera pomwe lole yachiwiri imadutsa. "Mwamva kulira uko, bambo? Ndi lata lachiwiri kuchokera kumsewu. Lakhwepa. Mphepo yoyamba ilitenga."

"Denga limeneli andikhomera chaka chatha chomwechi," iwo anatero.

Anatsegula golosale, anatenga mtengo wa tsache, n'kukankha lata loyamba. Linali gwa. Atakankha lachiwiri, linatukuka, kuwala kwa dzuwa n'kugwera pamatumba a shuga omwe anali pansi pake. Munthu wina kumbuyo anati, "Aaa, koma mwanayu!" Ndinamva kukoma mumtima, sindinama. Tsiku lomwelo anthu ena anandikokera kumadenga awo, ndipo ndinapeza zojambula zochuluka kuposa zomwe akonzi ankafuna. Paliponse ndinkafuula ndisanakwere, mpaka mawu anasasa.

Chilango sichinalephere. Abiti Saidi analamula kuti lata lija ndilikhome ndekha, dzuwa lomwelo, iwo atakhala pampando pamthunzi n'kumandiuza pokhoma.

Ndinatumiza zonse ku magazini kuja, nditadula mawu anga aja mosamala kwambiri. Patapita milungu akonzi anayankha kuti avomera. Ndinathamanga kuzungulira nyumba yathu popanda nsapato, mayi akundifunsa ngati ndalumidwa ndi chinachake. Koma panali kafunso kamodzi komaliza. Chakumapeto kwa chojambula china cha pa Lirangwe, anatero akonziwo, kukumveka mawu okwera kwambiri omwe sakufanana ndi lata lililonse. Kodi gwero lake n'chiyani?

Ndinadula mawu anga, kufuula kwa Abiti Saidi kuja n'kukuiwala.

Ndinakwera minibasi kukawauza, chifukwa mawu ndi awo. Ndinkayembekeza kuti foni ija ulendo uno ilowadi m'chimbudzi. Iwo anamvetsera, anakonza mpango wawo, n'kufunsa, "Ndiye kuti anthu ophunzirawo andimva ine?"

"Akumvani, mayi."

"Ndipo anasowa kuti n'chiyani?"

"Anasowa."

"Chabwino. Ukawauze kuti si lata, ndine. Ndipo dzina langa alilembe bwino."

Nkhani yanga inatuluka mvula itayamba, denga la Che Amadu lili nji. Kumapeto kwake, pamalo othokoza, dzina la Abiti Saidi lili patsogolo pa la aphunzitsi anga, ndipo tsambalo analimata pakhoma m'golosale. Aliyense wogula sopo amauzidwa kuti mayiwo analowa m'buku la sayansi. Akafunsa kuti nanga analemba ndani, mayiwo amangoti, "Kamnyamata kena kosadziwa kuodira."

Sinditsutsa. Fizikisi ndinaitha, koma mwambo ndinachita kubwereza kalasi.