Kope la Mayina a ku Joni

Lolemba
Ndafika kwathu ku Kaphuka. Aphunzitsi ku yunivesite akufuna kafukufuku: anthu akuthamangiranji ku Joni, nanga otsala akukhala bwanji. Mabanja makumi awiri pofika Loweruka, apo ayi digiri yapita. Ndili ndi kope, zolembera ziwiri, nsapato zolimba. Ndi kwathu kuno, chovuta n'chiyani?

Lachiwiri
Nyumba yoyamba: kwa a Nachisale, amene mwana wawo Gelesomu ali ku Joni popanda mapepala. Andilandira ndi mbatata yootcha. Atangoona cholembera, nkhope yasintha: "Dzina la mwana wanga mukupita nalo kuti?" Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Ndalemba mzere umodzi.

Lachitatu
Ku mjigo akuti ndine kazitape wa apolisi a ku Joni. Zitseko zinayi zatsekedwa ndikuona. Kwina andiyankha ali m'kati: "Kulibe anthu."

Lachinayi
Mphekesera yatembenuka. Tsopano akuti ndikulemba anthu okagwira ntchito kumeneko. Pakhomo pali amuna khumi ndi atatu, ena apalasa njinga kuchokera ku Linthipe. Wina wabwera ndi nkhuku. Ndawauza zoona. Palibe waseka. Nkhuku yabwerera.

Lachisanu
Gelesomu wafika! Amubweza ku Joni, watsika pa Chimbiya ndi jumbo imodzi. Anamugwira mwezi watha, koma ndani akumva zimenezo? A Nachisale akuuza aliyense: "Analemba Lachiwiri, Lachisanu mwana ali pano."

Loweruka
Sindikutuluka. Masana ndaona azimayi asanu ndi awiri akubwera mondondozana. Ndalowa kunsi kwa bedi. Mayi anga andikoka mwendo.
Azimayiwo sanabwere kudzandimenya. A Nabanda, amene amatsogolera kwaya, agwada pakhomo: "Lembani mwamuna wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale foni." Enawo chimodzimodzi. Ndanena katatu kuti kope langa silibweza munthu. Sanachoke. Ndalemba onse.

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndakhala ndekha. Akabwera mmodzi mwa amuna ndalemba dzulowo, ndine mfiti. Akapanda kubwera, ndine wabodza. Kafukufuku wathera pomwepa, mawa ndikwera minibasi yoyamba.
Ndikulongedza, mayi aima pachitseko nthawi yaitali. Bambo anapita ku Joni ndili Sitandade 5, ndipo dzina lawo m'nyumba muno silitchulidwa.
"Usanatseke chikwamacho," atero motsitsa mawu, "ulembeponso bambo ako."
Ndatulutsa kope. Ndalemba.